Kuchotsa mabanga ndi fungo la chakudya pa kapeti ya m'galimoto

Chakudya chikatayikira pansi m'galimoto, ambiri amapukuta mpaka banga lizimiririke, n'kupoperapo mafuta onunkhira, basi n'kumati ntchito yatha. Pakapita masiku awiri kapena atatu galimoto itakhala padzuwa mawindo ali chitsekere, kungotsegula chitseko fungo lowawasa limakhala likudikirira. Ena amabwereza ndi sopo wochuluka, koma patatha milungu ingapo malo omwewo amada kuposa pena paliponse.

Gwero la vutoli ndi mmene pansi pa galimoto panapangidwira. Ulusi umene mumapondapo ndi wopyapyala, nthawi zambiri wa nayiloni, poliyesitala kapena polypropylene. Kunsi kwake kuli siponji kapena nsalu yokhuthala imene anaiyala kuti ichepetse phokoso ndi kutentha, ndipo kunsi kwa imeneyo kuli chitsulo chosadutsa madzi. Chamadzimadzi chikatayika chimadutsa ulusi uja m'mphindi zochepa n'kukakhazikika mu siponji, mmene mphepo sifika. Banga mumaliona pamwamba, koma fungo limachokera pansi. Choncho lamulo limene likuyendetsa masitepe onse ali m'munsimu ndi lakuti chilichonse cholowa mu kapeti, kaya ndi mkaka, sopo kapena madzi otsukuluzira, chitulukenso.

## Zofunika kukhala nazo

- Nsalu kapena mathaulo oyera osachepera 6. Akhale oyeradi, chifukwa nsalu yamtundu itha kusulukira pa kapeti, komanso pa yoyera mpamene mumaona ngati banga likutuluka.
- Supuni kapena khadi lapulasitiki lotha ntchito, zopalira.
- Bulashi ya nayiloni yolimba pang'ono, ndi mswachi wakale wolowera m'makona. Bulashi yawaya ayi.
- Mabotolo opopera atatu.
- Sopo wamadzi wotsukira mbale, wopanda bulichi. Akapezeka wosathira mtundu, ndiye wabwino koposa.
- Viniga woyera wa 5%. Wofiirira amadetsa kapeti yowala.
- Soda wophikira, amene pa paketi amalemba bicarbonate of soda kapena baking soda. Musamusokoneze ndi caustic soda, amene amawotcha khungu ndi kuwononga kapeti.
- Mankhwala a enzyme otsukira kapeti, amene amaphwanya zotsalira za chakudya, aja amagulitsidwanso kuti achotse zonyansa za ziweto. Pa mkaka, mazira ndi msuzi wa nyama, awa ndiye ofunika kuposa zonse.
- Spiriti wa isopropyl wopanda mtundu, wa mabanga a mafuta. Spiriti wapepo amasiya utoto wake.
- Hydrogen peroxide wa 3%, mankhwala amadzi osulutsa mabanga, wa kapeti yowala yokha.
- Vakyumu, makina okoka fumbi aja. Yabwino ndi yokoka fumbi ndi madzi omwe. Ngati yanu ndi ya fumbi lokha, musaikoketse madzi: mota imapsa, ndipo magetsi atha kukugwirani. Wopanda vakyumu yamadzi awonjezere mathaulo kawiri.
- Fani, tochi, magolovesi, ndi madzi oundana m'kathumba kapulasitiki.

Konzeranitu mabotolo aja musanayambe. M'loyamba thirani kapu imodzi ya madzi ofunda, ya 250 ml, ndi kota chabe ya supuni yaing'ono ya sopo. Zioneka ngati zochepetsa, koma mlingo wake ndi womwewo. M'lachiwiri sakanizani gawo limodzi la viniga ndi magawo awiri a madzi. M'lachitatu mukhale madzi okhaokha ozizira. Lembani pa botolo lililonse, poti zonse zitatu zimafanana maonekedwe.

## Kutulutsa zotayika

1. Chotsani timakapeti topondapo. Tinyamuleni mopinda pang'ono kuti zotayika zisakhuthukire pa kapeti yapansi, mukatitsukire panja. Ikani galimoto pamthunzi ndi kutsegula zitseko. Padzuwa mankhwala amauma asanagwire ntchito, ndipo kutentha kumamatirira banga.

2. Palani zolimba zonse. Yambirani m'mphepete mwa banga kulowera pakati, supuni itagona cham'mbali, ndipo muziipukuta mukangonyamula. Ngati zinatayika kale n'kuuma, zitibuleni ndi bulashi zili zouma, mukoke ndi vakyumu, kenako yalani nsalu yonyowa pamwamba kwa mphindi 10 kuti zotsala zifewe. Chenjezo: mukathira madzi pa nyenyeswa zouma musanazikoke, mupanga phala limene lidzalowa mkati mwa ulusi.

3. Yamwitsani zamadzi. Pindani thaulo louma kanayi, liikeni pa banga, mukanikize ndi chikhatho kapena chidendene kwa masekondi 20 mpaka 30. Tembenuzirani mbali youma, mubwereze mpaka thaulo lizituluka losanyowa. Apa mpamene ambiri amalakwitsa, chifukwa dzanja limangofuna kukwecha. Kukwecha kumakulitsa banga, kumakankhira chakudya pansi, ndipo kumanyotsola ulusi moti malowo amaoneka otuwa ngakhale banga litachoka. Ngati muli ndi vakyumu yamadzi, dindikizani kamwa yake pa kapeti muziikoka pang'onopang'ono.

4. Fufuzani pamene zinafika. Sitepe iyi musaidumphe. Pansi pa galimoto si pathyathyathya, ndiye zamadzi zimatsetserekera kotsika, ndipo galimoto ikamakhota kapena kuima zimayenda mu siponji. Malo onyowa kunsi amakhala aakulu kuposa banga la pamwamba. Kankhirani mpando kutsogolo kwenikweni, kenako kumbuyo kwenikweni, muunike ndi tochi m'tinjanji timene mpando umayendapo, pamabawuti, m'mphepete mwa chitseko ndi pakati pa mpando ndi bokosi lapakati. Dindani pepala loyera lofewa malo osiyanasiyana kuzungulira banga, mutalikire ngakhale masentimita 20 kapena 30. Paliponse pamene pepala lanyowa kapena lanata, pamenepo mpofunika kutsuka.

Kunsi kwa mipando yakutsogolo kumakhala mawaya, ndipo olumikiza achikasu ndi a ma airbag, matumba a mpweya aja amafufuma pa ngozi. Magalimoto ena amakhalanso ndi timabokosi ta makompyuta kapena ta zokuzira mawu pamenepo. Musapopere chilichonse molunjika pa zimenezi, ndipo musazikoke.

5. Yesani mankhwala pamalo obisika. Dontheza pang'ono kunsi kwa mpando kumene sikuoneka, dikirani mphindi 5, mukanikize ndi nsalu yoyera. Mtundu wa kapeti ukatsalira pa nsalu, mankhwala amenewo asiyeni. Chitani izi ndi mankhwala aliwonse atsopano, makamaka spiriti ndi hydrogen peroxide.

6. Poperani madzi a sopo. Ulusi unyowe, koma pasakhale chithaphwi. Kupopera kanayi kapena kasanu nkokwanira pa banga la kukula ngati chikhatho. Dikirani mphindi 5. Ngati chotayikacho ndi mkaka, yogati, ayisikirimu, dzira kapena magazi a nyama yaiwisi, gwiritsani ntchito madzi ozizira m'malo mwa ofunda, chifukwa kutentha kumaphika mapuloteni n'kuwamatirira ku ulusi.

7. Takasani mofatsa. Yendetsani bulashi mwachidule kuchokera kunja kulowera pakati, kenako mopingasa. Cholinga n'chakuti sopo afike pa tsinde la ulusi. Thovu likachuluka mpaka kuphimba kapeti, sopo wapitirira mlingo.

8. Tulutsani. Kokani ndi vakyumu yamadzi kapena kanikizani ndi thaulo louma monga pa sitepe 3. Yang'anani thaulo: likamatuluka ndi mtundu wa chakudya, banga likadachoka, ndiye bwerezani sitepe 6 mpaka 8. Kubwereza katatu ndi mankhwala ochepa kumaposa kukhuthula ambiri kamodzi.

9. Tsukuluzani. Poperani madzi okha, tulutsani, mubwereze kawiri kapena katatu mpaka thovu lisiye kuoneka mukatikita ndi chala. Sopo wotsalira amanata akauma, ndipo fumbi lonse la ku nsapato limakakamira pamenepo. Ichi n'chifukwa chake malo otsukidwa amada msanga kuposa osatsukidwa.

## Banga likakana: onani chimene chinatayika

Masitepe a pamwambawa amathetsa mabanga ambiri atsopano. Otsalawo amafuna kuti mudziwe chimene mukulimbana nacho.

Mafuta, batala, mayonezi, msuzi wonona. Madzi paokha sachotsa mafuta, amangowabalalitsa. Musananyowetse, kapena mutadikira kuti kapeti iume ngati mwanyowetsa kale, wazani soda wokwanira kuphimba banga, mumudinde ndi supuni, akhale mphindi 20 mpaka 30 kuti ayamwe mafuta, kenako mukoke ndi vakyumu. Zotsala zichotseni ndi spiriti: nyowetsani nsalu, muzidinda pa banga ndi kusintha mbali ya nsalu pafupipafupi. Spiriti musamuthire pa kapeti mwachindunji, chifukwa akafika kunsi atha kufewetsa guluu amene amagwira ulusi. Amayakanso moto, choncho zitseko zikhale zotsegula, fodya ndi machesi patali. Malizani ndi madzi a sopo ndi kutsukuluza.

Khofi ndi tiyi. Mtundu wofiirira wa zakumwazi umamvera asidi wofatsa. Mukatha sopo ndi kutsukuluza, poperani madzi a viniga, dikirani mphindi 5 mpaka 10, mutulutse. Ngati munali mkaka, banga lili pawiri: mtundu uchoka ndi viniga, koma mkakawo ufunika enzyme, apo ayi fungo lidzabwera.

Zakumwa za shuga. Nthawi zambiri sizivuta kuoneka bwino, vuto ndi shuga amene amatsala wosaoneka, n'kumanata ndi kuitana nyerere. Apa madzi ofunda ndi kutulutsa mobwerezabwereza n'zimene zimagwira ntchito. Zakumwa zofiira kapena zaolenji zothira utoto zimatha kulowerera mu nayiloni mpaka kalekale zikauma, ndiye zimenezi musazigoneke.

Tomato sosi ndi misuzi yofiira. Palani, tsukani ndi madzi ozizira a sopo, kenako viniga. Pa kapeti yowala, mthunzi wofiira ukatsala, tsukuluzani kaye viniga yense, mudontheze hydrogen peroxide wa 3%, akhale mphindi 10, mutulutse ndi kutsukuluza. Pa kapeti yakuda kapena yotuwa kwambiri, peroxide atha kusiya chigamba chosuluka chimene sichidzabwereranso.

Curry ndi mustard. Chikasu chake chimachokera ku turmeric, ufa wachikasu wokometsera zakudya, ndipo ili ndi limodzi mwa mabanga amakani kwambiri. Mukathirapo soda, banga limasanduka lofiira. Musadabwe, ndi mmene turmeric amachitira akakumana ndi zinthu za alkali, zotsutsana ndi asidi monga soda, ndipo viniga amabwezeretsa chikasu chija. Chotsani mafuta ake kaye ndi sopo, kenako spiriti pa nsalu. Chikasu chotsalira chimasuluka ndi kuwala kwa dzuwa, choncho kakapeti kochotseka kayanikeni padzuwa kakatha kutsukidwa.

Chokoleti, chingamu ndi maswiti osungunuka. Ikani kathumba ka madzi oundana pamwamba kwa mphindi 5 mpaka 10 kuti ziume gwa, muzitheketule ndi supuni, mukoke zidutswa zisanafewe. Chokoleti chili ndi mafuta ndi mkaka, ndiye chotsalacho chitsukeni ndi madzi ozizira a sopo.

## Kuthana ndi fungo

Fungo la chakudya chowola limabwera chifukwa tizilombo ta bakiteriya tikudya zotsalira mu ulusi ndi mu siponji. Mkaka ndiye woipitsitsa: shuga wake amasanduka asidi wowawasa, ndipo mafuta ake akaphwanyika amatulutsa butyric acid, amene fungo lake ndi lija la masanzi. M'galimoto yotentha ndi yotseka zimenezi zimachitika mofulumira. Malinga chakudya cha tizilomboto chikadalipo, mafuta onunkhira amangosakanikirana ndi fungolo.

10. Thirani enzyme. Mankhwalawa amaphwanya mapuloteni, mafuta ndi sitachi kukhala tizidutswa totsukika ndi madzi. Onetsetsani kuti sopo ndi viniga mwazitsukuluza, chifukwa asidi wambiri, bulichi, mankhwala ophera majeremusi ndi madzi otentha zimafooketsa enzyme. Pano pokha mpamene muyenera kuthira mowolowa manja: mankhwala afike paliponse pamene mkaka unafika. Ngati panatayika theka la kapu n'kulowa mu siponji, kupopera pamwamba sikuthandiza. Thirani pang'onopang'ono, mukanikize ndi dzanja lovala golovesi kuti alowe, mupitirire malire a banga ndi masentimita 5 mpaka 10.

11. Apatseni nthawi. Tsatani zolembedwa pa botolo. Kawirikawiri banga latsopano limafuna mphindi 15, pamene lakale lonunkha limafuna maola angapo. Enzyme imagwira ntchito ikakhala yonyowa basi, ndiye phimbani malowo ndi thaulo lonyowa kapena pulasitiki kuti asaume. Ambiri amapopera n'kupukuta nthawi yomweyo, kenako n'kumanena kuti mankhwala ndi achabechabe.

12. Tulutsani mwamphamvu. Kokani ndi vakyumu yamadzi mpaka madzi asiye kuoneka akukwera. Wopanda makina apondepo pa thaulo lopinda, asinthe, apondenso. Tsukuluzani kamodzi ndi madzi ozizira, mutulutsenso.

Ngati enzyme palibe, sankhani potengera fungo. Fungo la nsomba limachokera ku mankhwala a alkali otchedwa trimethylamine, ndipo viniga amalichepetsa bwino. Fungo lowawasa la mkaka kapena masanzi ndi la asidi, ndiye limamvera soda: sungunulani supuni yaikulu imodzi m'kapu ya madzi ofunda, muthire, mudikire mphindi 15, mutulutse ndi kutsukuluza. Njira zimenezi zimathandiza pa zotayika zochepa, koma sizifika pa enzyme ngati mkaka unalowa pansi.

## Pamene pafunika kunyamula kapeti

Ngati panatayika zoposa kapu imodzi, kapena mwabwereza enzyme kawiri fungo osatha, siponji yapansi yakhuta ndipo kuchokera pamwamba simuifikira.

13. Tsegulani m'mphepete. Pulasitiki yaitali imene ili pakhomo la chitseko imagwidwa ndi timakilipi, pena ndi masikuluwu. Ikwezeni pang'onopang'ono ndi chida chapulasitiki kuyambira kumapeto. Sikuludiraiva imakanda penti ndi kuthyola timakilipi. Ikachoka, m'mphepete mwa kapeti mumanyamuka mokwanira kulowetsa dzanja. Samalani mitolo ya mawaya imene imadutsa mumzere umenewu.

14. Tsukani kunsi. Pukutani chitsulo ndi madzi a sopo, mutsukuluze, muumitse. Thirani enzyme pa siponji ndi kumsana kwa kapeti, mudikire, mufinye pakati pa mathaulo awiri. Ngati chakunsicho ndi nsalu yokhuthala ya ulusi wopanikiza ndipo yada kapena yachita chuku, musalimbane nayo. Dulani gawo lowonongekalo ndi mpeni wakuthwa, mutaye, muikepo latsopano la makulidwe ofanana. Chigambacho sichioneka chifukwa kapeti imachiphimba.

Zikafika pofuna kuchotsa mpando, zimitsani galimoto, masulani waya wa negative pa batire, mudikire nthawi imene buku la galimotoyo likunena musanakhudze olumikiza achikasu aja. Mabawuti a mpando ndi amene amakugwirani pa ngozi, ndipo ali ndi mlingo wake womangira. Amene sanachitepo, ntchito iyi aisiyire makaniko.

## Kuumitsa

Theka la ntchito yonse lili pano. Chuku chimatha kuyamba pa zinthu zonyowa pakati pa maola 24 ndi 48, ndipo fungo lake ndi lovuta kuposa la chakudya.

15. Yamwitsani komaliza. Sanjani mathaulo oyera ouma pa malowo, mutsindire ndi chinthu cholemera chosasuluka, monga chigubu cha madzi chotseka bwino, kwa ola limodzi kapena awiri. Izi zimatetezanso banga lobwerera. Kapeti ikamauma, madzi a mu siponji amakwera ndi ulusi monga mafuta amakwerera chingwe cha nyali, ndipo amanyamula zonyansa n'kuzisiya pamwamba. Thaulo likakhalapo, zonyansazo zimathera mu thaulo.

16. Lowetsani mphepo. Tsegulani zitseko za mbali zonse ziwiri, mulozetse fani pa malo onyowa. Ngati munanyamula kapeti, ikani kathabwa kapena botolo kunsi kuti mphepo izidutsa. Zimitsani nyale yamkati, chifukwa zitseko zikakhala zotsegula tsiku lonse batire limatha. Pamwamba pamauma m'maola ochepa, koma siponji imatha kutenga tsiku lathunthu kapena angapo, malinga ndi nyengo. Kukakhala chinyontho, lizani injini, muyatse hita ndi AC pamodzi, mpweya muulozetse kumapazi. AC imachotsa chinyezi mumpweya, hita imafulumizitsa kuuma. Izi muchitire panja pokha. M'galaja yotseka utsi wa carbon monoxide umapha, ndipo sununkha.

17. Tsimikizani kuti kwauma. Dzanja limanamiza. Dindani pepala lofewa ndi mphamvu zanu zonse kwa masekondi 10, muone ngati lanyowa. Magalasi akamachita nthunzi mkati m'mawa, chinyezi chikadalipo penapake.

18. Wazani soda. Kapeti itauma, wazani pafupifupi theka la kapu pa malo opondapo munthu mmodzi, mumulowetse ndi bulashi youma, agone usiku wonse. M'mawa kokani ndi vakyumu pang'onopang'ono, motalika kenako mopingasa.

19. Yesani fungo. Tsekani galimoto padzuwa kwa ola limodzi kapena awiri, mutsegule, mununkhize nthawi yomweyo. Mpweya woyamba ndi umene umanena zoona, chifukwa mphuno imazolowera fungo m'mphindi zochepa. Likamveka, weramani mununkhize pafupi ndi kapeti malo ndi malo kufikira mutapeza pamene likuchokera. Kawirikawiri limapezeka m'tinjanji ta mpando, pa lamba wa mpando, m'chomangira lamba, kapena kumsana kwa kakapeti kopondapo. Ngati kapeti ilibe fungo koma limabwera mukayatsa fani ya galimoto, sinthani fyuluta ya mpweya wamkati, imene m'magalimoto ambiri ili kuseri kwa kabokosi kosungiramo zinthu kutsogolo kwa mpando wa wokwera. Kathumba ka makala a activated charcoal kosiyidwa kunsi kwa mpando kamathandiza pa fungo lochepa lotsalira m'nsalu.

## Timakapeti topondapo

Ta labala tingotsukidwa ndi sopo, bulashi ndi madzi ambiri mbali zonse ziwiri. Musatipake polishi kapena mankhwala owalitsa, chifukwa phazi limaterereka pa buleki. Ta ulusi titsatireni masitepe omwe aja, kungoti timeneti mutha kutitsukuluza ndi payipi mpaka madzi atuluke oyera, n'kutipachika choimirira kuti tikhe. Tibwezereni pokhapokha timakapetito ndi kapeti yapansi zitauma, ndipo ka dalaivala kakoleni bwino pa zokolera zake kuti kasatsetserekere pansi pa mapedulo.

## Zolakwika zofala

Kukhuthula ndowa ya madzi. Madzi ambiri amasungunula chakudya n'kuchifalitsa mu siponji yonse, amafika pa mawaya, ndipo akakhalitsa pa chitsulo amayambitsa dzimbiri. Banga la chikhatho limodzi limasanduka ntchito ya pansi ponse.

Kusakaniza soda ndi viniga. Thovu lake limasangalatsa maso, koma awiriwa amathetsana mphamvu, chotsala n'kukhala pafupifupi madzi amchere. Aliyense agwire ntchito payekha, ndipo pakati pake mutsukuluze.

Kusakaniza mankhwala oopsa. Bulichi ndi viniga zimatulutsa mpweya wa klorini. Bulichi ndi amoniya, amene amapezeka m'mankhwala ena opukutira magalasi, zimatulutsa mpweya wa chloramine. Yonse iwiri imawotcha mapapo, ndipo mkati mwa galimoto ndi mopanikizika. Viniga ndi hydrogen peroxide musaziike m'botolo limodzi. Kunena zoona, bulichi alibe ntchito pa kapeti ya galimoto: amasulutsa nayiloni ndi kudya chitsulo cha kunsi.

Sopo wochapira zovala. Waufa amasiya zoyerayera, amachita thovu lambiri, ndipo savuta kulowa koma kutuluka. Pa kapeti yosachotseka simungamutsukuluze mokwanira.

Kuwaza soda pa kapeti yonyowa. Amaumbika n'kuuma pa tsinde la ulusi, ndipo pa kapeti yakuda amasiya mbuu umene umatuluka nthawi iliyonse mukapondapo. Zikachitika, poperani madzi a viniga pang'ono kuti asungunuke, mutulutse.

Nthunzi kapena madzi owira pa mkaka ndi dzira. Makina a nthunzi ndi abwino pa zina, koma pa mapuloteni amakhazikitsa banga ndi fungo lomwe. Enzyme iyambe, kutentha kubwere pambuyo ngati kukufunika.

Kuumitsa ndi chowumitsira tsitsi chogunditsa pa kapeti, kapena hita ya m'nyumba. Ulusi wa polypropylene umasungunuka msanga ndipo umachita chipsera cholimba. Chofunika ndi mphepo yoyenda, osati moto.

Kubwezera kakapeti ka labala msanga. Kamatsekera chinyezi kunsi, ndipo pakatha sabata mukakanyamula mupeza chuku.

Kudalira makina otulutsa mpweya wa ozone wochotsa fungo. Amachepetsa fungo lotsalira mumpweya ndi m'nsalu, koma sachotsa mkaka umene uli mu siponji, ndiye fungo limabwerera. Ozone amawononga mapapo, choncho munthu kapena chiweto asakhale mkati makina akuyaka, ndipo galimoto ipitidwe mphepo nthawi yaitali musanalowemo. Akagwiritsidwa ntchito mopitirira amaumitsanso labala ndi mapulasitiki ena.

Kutsukanso ndi madzi ambiri banga likabwerera. Banga lotulukira kapeti itauma ndi lochokera kunsi, ndiye kuthira madzi ambiri kumangoyambitsanso zomwezo. Nyowetsani nsonga za ulusi zokha ndi madzi a viniga, mudinde ndi nsalu, musanje mathaulo ouma okhuthala masentimita awiri kapena atatu, mutsindire ndi cholemera usiku wonse, ndipo m'mawa mulozetsepo fani. Likabwereranso kachiwiri, pitani pa sitepe 13.